Funso la crossword likakhudza magetsi ndi wailesi

Bambo wina wa ku Ndirande, mphunzitsi wopuma pantchito, wandilembera imelo. Akuti amakonda kudzaza crossword ya m'nyuzipepala, koma funso likangokhudza magetsi kapena wailesi, bolopeni imaima. Akufunsa ngati kuli bwino angoloweza mndandanda wa mawuwo.

Bambo, musadzivutitse ndi kuloweza. Mawuwa ndi ochepa, ndipo ambiri ndi mayina a anthu amene anafufuza za magetsi. Mukadziwa chimene liwu lililonse limayeza, sadzakuthawaninso.

Yambirani m'nyumba mwanu momwemo. Tembenuzani ketulo kapena ayironi, muwerenge kachikwangwani kali pansi pake. Mupezapo V, Hz ndi W. V ndi volt, dzina lochokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy amene anapanga batire loyamba mu 1800. W ndi watt, kukumbukira James Watt wa ku Scotland. Mawu awiriwa, volt ndi watt, ali ndi zilembo zinayi ndipo amathera ndi T, ndiye muziyang'anitsitsa funso: likanena za mphamvu imene chipangizo chimadya, ndi WATT, likanena za mphamvu yokankha magetsi mu waya, ndi VOLT. Hz ndi hertz, dzina la Heinrich Hertz wa ku Germany amene anatsimikizira kuti mafunde a wailesi alipodi. Magetsi a ESCOM ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amapita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Mukamasaka MBC pa FM, manambala aja a pakati pa 87.5 ndi 108 ndi ma hertz omwewo, koma m'mamiliyoni.

Liwu limene olemba crossword amalikonda kwambiri ndi OHM, muyezo wa mmene chinthu chimakanira kuti magetsi adutse. Ndi lalifupi ndipo limalowa malo othina. Nthawi zina amalitembenuza n'kukhala MHO. Si nthabwala ayi, unalidi muyezo wa mmene chinthu chimalolera magetsi kudutsa, ngakhale masiku ano akatswiri amati siemens. Mnzake wa zilembo zitatu ndi AMP, muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya.

Langizo langa lalikulu ndi ili: tsiku lina mukapita ku Limbe, kaimeni pang'ono pa benchi ya wokonza mawailesi. Mupempheni akuonetseni resistor, kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokhala ndi mizere ya mitundu imene imanena ma ohm ake. Akuonetseninso diode, imene imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Anthu amenewa amadziwa zambiri, ndipo ndimaona kuti sitiwalemekeza mokwanira.

Chenjerani ndi DIODE ndi ANODE (dzina la imodzi mwa mbali ziwiri zolumikizira batire kapena diode). Onse ndi a zilembo zisanu, onse amathera ndi ODE, choncho dikirani liwu lodutsana nalo likupatseni chilembo choyamba musanalembe. Mukaona funso lonena za koyilo ya waya, yankho likhoza kukhala HENRY, dzina la Joseph Henry wa ku America, pomwe la kapasita (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) ndi FARAD, kuchokera kwa Michael Faraday. Mafunso oterewa muziyamba mwadzaza ndi pensulo.