Kodi kufutukuka kwa chilengedwe kukutalikitsa maulendo a m'mlengalenga?

FUNSO: Ndamva kuti chilengedwe chikufutukuka nthawi zonse. Kodi ndiye kuti adzukulu athu adzatenga nthawi yaitali kuti akafike ku mwezi kapena ku Mars kuposa mmene zilili lero? (Mphunzitsi, Dedza)

YANKHO: Ayi aphunzitsi, ulendo wa ku mwezi kapena wa ku Mars sukukhudzidwa n'komwe, chifukwa zinthu zoyandikana zimagwirana ndi mphamvu yokoka, ndipo mphamvuyi imaposa kutali kufutukukako. Ngakhale mlalang'amba (gulu lalikulu kwambiri la nyenyezi) wa Andromeda, umene kuwala kwake kumatenga zaka 2.5 miliyoni kuti kutifike, sukutithawa, koma ukubwera kuno pa liwiro la makilomita pafupifupi 110 pa sekondi. Chimene chikutichedwetsa pa maulendo otere ndi zombo zathu. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, komabe pa liwiro limeneli chingatenge zaka zoposa 70,000 kuti chithe mtunda wofika ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu.

Funso lanu limalemera tikafika ku milalang'amba yakutali zedi. Akatswiri a zakuthambo Georges Lemaître mu 1927 ndi Edwin Hubble mu 1929 anaonetsa kuti mlalang'amba ukakhala patali kwambiri, umatitalikiranso mofulumira kwambiri. Pa mtunda uliwonse umene kuwala kumayenda zaka 3.26 miliyoni, liwiro lotalikirali limawonjezeka ndi makilomita pafupifupi 70 pa sekondi. Sikuti milalang'ambayo ikuthamanga yokha, koma danga la pakati pathu ndi iyo ndilo likukula. Taganizani za nyerere imene ikuyenda pa mphira ya legeni pamene mwana akuikoka mphirayo: nyerere siinaime, koma njira yotsala kutsogolo kwake ikutalika iyo ili paulendo. Kuwala kochokera kutali kumakumana ndi zomwezo, ndipo n'chifukwa chake kuwala kwakale kwambiri kumene timaona, kumene kwayenda zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, kunachokera kumalo amene lero ali pa mtunda wofuna zaka pafupifupi 46 biliyoni za ulendo wa kuwala.

Mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuti ana a sukulu aimvetse ndi imene inadziwika mu 1998, pamene magulu awiri a akatswiri a zakuthambo, poyang'ana nyenyezi zophulika zakutali, anapeza kuti kufutukukaku kukunka kufulumira m'malo mochepa mphamvu. Saul Perlmutter, Brian Schmidt ndi Adam Riess analandira mphoto ya Nobel mu 2011 chifukwa cha ntchitoyi. Ngati kufulumiraku kupitirira chonchi, ndiye kuti kuli malire a kumene tingafike. Mlalang'amba umene panopa uli patali kuposa zaka pafupifupi 16 biliyoni za ulendo wa kuwala, uthenga umene tingautumize lero sudzafikako, ngakhale kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi ndipo palibe chombo chimene chingakupose.