Maso Osaona Bwino: Masiki Yoyenera Popita Pansi pa Nyanja

Funso: Sindiona bwino patali. Pepala la adokotala likuti -3.25 diso lamanja, -2.50 lamanzere. Ndikufuna kukaphunzira scuba (kusambira pansi pa madzi ndi thanki ya mpweya) ku Nkhata Bay. Kodi ndingavale magalasi anga m'kati mwa masiki? Wowerenga, Lilongwe

Yankho: Ayi ndithu. Timiyendo ta magalasi timatukula mphira wa masiki m'mbali, madzi n'kumangolowa. Magalasi osambirira wamba nawo sangathandize chifukwa saphimba mphuno. Mukamatsika, madzi amakanikizira masiki kumaso, ndipo mumathetsa zimenezi popumiramo pang'ono ndi mphuno. Popanda kutero mudzavuuka maso ali psuu.

Funani masiki ya magalasi awiri otheka kuchotsa, olembedwa kuti tempered, kutanthauza olimbitsidwa kuti asasweke msanga. Koma yambani mwaiyesa kumaso musanaganize za mphamvu ya magalasi. Iikeni pankhope osamanga lamba, tsitsi lili kunja, mukoke mpweya pang'ono ndi mphuno. Ikamamatira yokha, ndi yanu. Ikagwa, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Ambiri amalakwitsa apa: amalipirira magalasi odula pa masiki yodontha.

Magalasi okonzeratu amabwera motalikirana ndi 0.5. Kumanzere -2.50 alipo. Kumanja -3.25 palibe, ndiye tengani -3.00, osati -3.50. Galasi lopitirira mphamvu limatopetsa maso ndi kupweteketsa mutu, pamene kuchepa pang'ono simungakuzindikire, pakuti m'madzi zinthu zimaoneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kambuna ka ku Cape Maclear kamaoneka konenepa kuposa mmene kalili.

Onaninso papepalapo pamene palembedwa CYL, muyeso wa kupindika kosafanana kwa diso. Ngati nambalayo ikupitirira 1.00, okonzeratuwa sangakupatseni chithunzi chakuthwa. Pamafunika magalasi osemedwa motsata pepala lanu n'kumatidwa m'kati mwa masiki, ndipo zimenezi zimatenga masabata, choncho itanitsani msanga.

Funso: Nanga ma contact lens, timagalasi tovala padiso penipeni? Mayi wina, Blantyre

Yankho: Ofewa aja amatheka, makamaka ovala tsiku limodzi n'kutaya. Olimba apeweni: pokwera, timathovu ta mpweya timatha kutsekeredwa pakati pa lensi ndi diso, munthu n'kumaona mwachimbuuzi kwa kanthawi.

Vuto lalikulu ndi madzi enieniwo. M'madzi opanda mchere, monga a nyanja yathu, mumapezeka kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamene kamamatirira pa lensi n'kuyambitsa chilonda choopsa padiso. Mukatuluka, sambani m'manja, umitsani, chotsani ma lensiwo n'kuwataya. Diso likafiira, kupweteka kapena kudana ndi kuwala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mphunzitsi muuzenitu kuti mwavala ma lensi, mayi. Pamaphunziro adzakuuzani kulowetsa madzi m'masiki, ngakhalenso kuivula pansi pa madzi. Pamenepo tsinzinani mpaka mutatulutsa madzi onse, iye adzakugwirani paphewa kukudziwitsani kuti mwamaliza.

Funso: Ndili ndi zaka 52. Nsomba ndimaziona, koma manambala a pa geji ya mpweya wa m'thanki ayi. Bambo wina, Mangochi

Yankho: Vuto ili ndiye losafunika kulichedwetsa, bambo. Thanki imayamba ndi mpweya wa pafupifupi 200 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya), ndipo muyenera kukhala mutafika pamwamba muvi usanatsike kupitirira 50. Wosatha kuwerenga zimenezi sayenera kutsika.

Pali timagalasi towerengera tomata m'munsi mwa galasi la masiki, kuyambira +1.0 mpaka +3.0. Tengani mphamvu yofanana ndi ya magalasi anu owerengera. Tsukani masiki, matani kagalasiko kali konyowa, finyani thovu lonse, muisiye iume usiku wonse. Mukafulumira kulowa nayo m'madzi kamamatuka. Musakakweche ndi mankhwala otsukira mano monga amachitira ndi masiki yatsopano, kamakalika. Pogula kompyuta ya pamkono yoonetsa kuya ndi nthawi imene mwakhala m'madzi, sankhani ya manambala akuluakulu ndi nyali yake, ndipo iwerengeni mutavala masikiyo m'sitolo momwemo musanalipire.