Yankho kwa alamu pa za ziganizo za mwana

Alamu, mwaswera bwanji ku Mufakose kumeneko? Funso lanu ndalimva, loti aphunzitsi alemba m'kope la mwana kuti ziganizo zake za Chingerezi n'zodukaduka, ndiye mumuthandize bwanji poti mayeso a ZIMSEC a Fomu 4 ayandikira. Ndingojambula mawu, kulemba pafoni kumanditopetsa.

Musade nkhawa, zinthuzi mwanayo amaziyankhula pakhomopo tsiku lililonse, kungoti akagwira cholembera amachita mantha. Tamverani. Ndikati "Ndinafika mochedwa", mwamva, nkhani yatha. Imeneyo kusukulu kumudzi tinkati nthambi yoima payokha. Tsono ndinene kuti "Chifukwa kombi inachedwa kudzaza pa Copacabana", kenako ndikhale duu. Inu mufunsa kuti, ndiye zinatani? Mwininkhani alimo, mneni alimo, koma ganizo silinathe. Imeneyo ndi nthambi yosaima payokha. Muziphatikize ziwirizo: "Ndinafika mochedwa chifukwa kombi inachedwa kudzaza pa Copacabana." Chimenecho ndiye chiganizo cha nthambi chimene aphunzitsi akufuna.

Pamene ana athu amagwa ndi apa, alamu, mumvetsetse. M'Chichewa kamawu kolumikizako nthawi zambiri kamabisala m'kati mwa mneni. "Magetsi akabwera, ndisita." "Titafika ku Mbare, tomato anali atatha." Mwaona? Ka "ka" ndi ka "ta" kagwira ntchito yonse mwakachetechete. Chingerezi sichitero, chimafuna mawu apadera kutsogolo, when, if, after, otero. Mwana akaiwala kuwaika amangolemba tiziganizo tiwiri totsatizana, n'kuika mpatuliro pakati, basi. Aphunzitsi akaona zimenezo amazungulizapo ndi cholembera chofiira.

China, ife timati "Ngakhale anadwala, koma anapita kuntchito", ndipo palibe amadabwa. M'Chingerezi although ndi but sizikhalira limodzi m'chiganizo chimodzi, asankhepo chimodzi. Ineyo ndimaona kuti ichi chokha chimadyera ana malikisi ambiri kuposa sipelingi imene makolo timalimbana nayo.

Za mpatuliro n'zosavuta. Nthambi yosaima payokha ikakhala koyamba, aike mpatuliro isanayambe inayo. Ikakhala kumapeto, kawirikawiri safunika.

Eya, ndisaiwale ija ya "amene" ndi "chimene". Imeneyi imalowa pakati penipeni: "Mayi amene amagulitsa masamba pageti abwera." Achotsepo "amene amagulitsa masamba pageti", aone ngati chotsalacho chikumveka. "Mayi abwera." Chikumveka, ndiye kuti wamanga bwino.

Tsono madzulo ano mukamaphika, inu muziyamba iye azimaliza. Muti "Mvula ikagwa", iye amalize. Muti "Ngakhale ndalama zinali zochepa", amalize. Akazolowera m'Chichewa atembenukire ku Chingerezi, ndipo zomwe walemba aziwerenga mokweza. Paliponse pamene inu mufunse kuti "ndiye zinatani?", pamenepo pali nthambi imene waisiya yokha.

Koma asapitirirenso muyeso. Ana ena akangophunzira zimenezi amalumikiza nthambi zisanu m'chiganizo chimodzi mpaka iwo eni kusokera. Ziwiri n'zokwanira, zitatu mwa apo ndi apo, ndipo tiziganizo tatifupi asatitaye tonse ayi.

Mujambule chimangirizo chake chija aphunzitsi anachongacho, munditumizire kumbali, osati pagulu pano, angachite manyazi ndi asuweni ake. Ndichiona usiku uno.