Khoti linathetsa banja, koma amalume akuti sindinasudzulidwe

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimagulitsa kaunjika mumsika wina ku Lilongwe. Banja lathu linatha chaka chatha kukhoti la majisitireti titakhala zaka 9 ndi kubereka ana awiri. Chikalata cha khoti ndili nacho, chili m'sutikesi kunsi kwa bedi. Koma amalume, amene anali ankhoswe anga, akuti kwa iwo ukwati ukadalipo poti akuchimuna sanabwere kudzandisudzula. Apongozi nawo akuimbabe foni n'kumanditchula kuti "mkazi wathu". Mnzanga wina akuti ndizisiye zachikalezo, tichite phwando, tidule keke, ndiotche diresi la ukwati ngati mmene timaonera pa Facebook. Ndimvere ndani?

Ine wothedwa nzeru, Area 25

Mwanangu,

Kumbali ya boma musade nkhawa. Khoti likagamula kuti banja latha, latha basi, ndipo amalumewo sangalidzutse. Lamulo la maukwati ndi kusudzulana la 2015 limalemekeza ukwati wa chinkhoswe mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC, ndipo khoti limathetsa likaona kuti banjalo lasweka posabwezeka. Mukafuna kukwatiwanso mawa, chikalata chili m'sutikesicho n'chokwanira.

Komabe ine ndili mbali ya amalume. Takumbukirani tsiku la chinkhoswe chanu. Akuchimuna anabwera ndi tambala, akwanu anapereka thadzi. Bambowo anawapatsa khasu ndi nkhwangwa, inu lichero ndi mthiko, nthungululu zili ponseponse. Anthu aja anauzidwa pamaso kuti kuyambira lero ndinu apongozi, ndinu alamu. Majisitireti pamwambopo panalibe. Nanga tsopano wabwerera kukawauza anthu omwe aja kuti zatha ndani? Mayi amene akukuimbiraniyo mwina si mwano, palibe amene anakawagonekera khosi n'kuwauza mwaulemu. Anangomva mphekesera kuti ana atengerana kukhoti.

Ndikuuzeni zanga. Langa linatha ndili ndi mwana kumsana, kwathu ku Dedza. Tinakhala miyezi isanu ndi itatu tili padera, koma pachitsime anthu ankandipatsabe moni ndi dzina la kwa bambowo. Tsiku losudzulana linali Loweruka m'mawa, pakhonde la amayi, pamphasa imodzi. Tinalipo anthu asanu ndi awiri: ankhoswe mbali zonse, mlongo wake wa bambowo, amayi, nduna ya amfumu, iye ndi ine. Nkhoswe wa kuchimuna anavula chipewa, anaika ndalama m'kambale ka chitsulo n'kukakankhira kwa amalume. Ndalamayo sikanagula ngakhale nkhuku. Mawu ake anali ochepa: tinabwera kudzapempha, munatipatsa, zalephereka, mwana wanu uyu, akapeza womufuna ife tilibe naye mlandu. Amalume anayankha chimodzimodzi za mwamunayo. Kenako anawerenga mbale, mabulangete ndi mbuzi ziwiri, aliyense n'kutenga zake. Ola silinakwane. Ndinalira, osati pofuna kubwererana, koma ngati munthu watula mtolo wa nkhuni n'kumva khosi likuwawa pamene watula. Usiku umenewo ndinagona mpaka dzuwa kulowa m'nyumba.

Zimenezi si za Achewa okha. Anzathu Achisilamu ali ndi talaka, chisudzulo chawo, ndipo mkazi amadikira eda, pafupifupi miyezi itatu, asanakwatiwenso. Abale athu amene anakhazikika ku Zimbabwe adzakuuzani za gupuro ya Ashona, kandalama kamene kamaperekedwa kusonyeza kuti ukwati watha. Kumene amalowola, monga ku Mzimba, nkhani imafika pa ng'ombe, zibwerere kapena zikhale, ndipo ana amawerengedwa pamenepo. Ngakhale ku Japan kuli anthu amene amachita mwambo wophwanya mphete ndi hamala, koma taonani, mwamuna ndi mkazi amagwirira limodzi hamalayo, abale akuonerera. Phwando la mnzanuyo likusiyana pamenepa. Adzabwera ndi anzanu a kumsika, amene akudziwa kale zonse ndipo ali mbali yanu. Amene akufunika kumva sadzakhalapo, ndipo Lolemba foni ya apongozi idzaliranso.

Ndiye uzani amalume atume mawu kwa nkhoswe mnzawo, apangane tsiku. Ndi ntchito yawo imeneyo, asakutumeni inu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, azimitse. Ngati mumapemphera, itanani mkulu wa mpingo mmodzi adzatsegule ndi pemphero, koma adziwiretu kuti sanaitanidwire kudzakuyanjanitsani.

Pomwepa ndikuchenjezeni, chifukwa ndaonapo amayi akulowa pabwalo lotere ali ndi nyumba n'kutuluka ndi chitenje chokha. Zimene khoti linagamula pa katundu, pa ana ndi pa ndalama ya chithandizo sizikambidwanso pamphasa. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri banja likatha, komanso chithandizo choyenera. Wina akayamba zoti "poti tasudzulana, za ana zatheranso pompano", amalume amudule pakamwa. Akusudzulidwa ndinu. Anawo bambo wawo ndi yemweyo, agogo awo ndi omwewo, fizi ikudikira. Tengani fotokope ya chikalata chija, chenichenicho chitsale kunyumba. Ndipo wina akatchula za mankhwala kapena zogonana "komaliza" kuti mumasuke, nyamukani. Chisudzulo sichifuna zimenezo.

Simunandiuze chimene chinathetsa banjalo. Ngati bambowo ankakumenyani kapena mumawaopa, musapiteko n'komwe. Ankhoswe akumane okha, amalume adzakubweretsereni mawu ndi kandalamako. Akuchimuna akakana kubwera, amalume apite ndi mboni akanene okha kuti mbali yathu tamasula, ndipo amfumu a kumudzi kwanu adziwitsidwe.

Apongoziwo musawatsekere foni. Akadzaimbanso mwambo utachitika, apatseni moni bwinobwino, muwatchule kuti agogo a uje, n'kupereka foni kwa adzukulu awo.

Keke idyani ndithu pambuyo pake, palibe choletsa, ndipo mundisungireko. Koma za kuotcha diresi, inu mayi wa bizinesi mungaotche katundu? Lichapitseni, mulipachike pa hang'ala pabenchi panu. Atsikana ambiri m'tauni muno amachita kubwereka madiresi a ukwati polipira, ndipo nyengo ya maukwati ikafika, anthu atakolola, limenelo likhoza kutuluka Loweruka lililonse. Ndalama yoyamba mugulire ana nsapato za kusukulu.

Ndine Azakhali anu