Mwana wanga akufuna mbiri ya amayi, koma m'buku muli abambo okhaokha

Mayi wina wa ku Dedza walemba motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Aphunzitsi a History amuuza kuti akakambe pamaso pa anzake za amayi amene anagwirira ntchito dziko lino. M'buku la kusukulu wapezamo mafumu, amishoni ndi andale, pafupifupi onse aamuna. Kwathu kuno laibulale ili kutali ndipo bando ya intaneti ndi yodula. Tiyambire pati? Bambo akenso akuti zimenezi n'zotayitsa nthawi, sizingamupezetse ntchito."

Mayi, tulutsani K200 m'kachikwama kanu mumupatse mtsikanayo ayang'ane nkhope ili pamenepo. Amenewo ndi a Rose Chibambo, obadwa mu 1928 ku Mzimba, amene anasonkhanitsa amayi m'chipani cha Nyasaland African Congress pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu Marichi 1959 boma la atsamunda linawamanga atangobereka kumene, ndipo analowa m'ndende ku Zomba ali ndi khanda m'manja. Dziko litayamba kudzilamulira anakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna. Udindowo sanakhalitse nawo. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964 anachotsedwa, nathawira ku Zambia, komwe anakhala mpaka 1994. Nkhope yawo inaikidwa pa ndalama mu 2012, ndipo anamwalira mu 2016.

Mwanayo asangoloweza zakazi. Adzifunse chifukwa chake mayi wotere anasowa m'mabuku a sukulu kwa zaka pafupifupi 30. Nthawi ya chipani chimodzi, amene anasemphana ndi boma ankatchedwa zigawenga ndipo dzina lawo silinkatchulidwa pagulu. Chinanso, zolemba zakale zambiri analemba ndi mabwanankubwa, ma DC ndi amishoni, ndipo iwo ankalemba za anthu amene ankakumana nawo pa bwalo la milandu ndi pokhometsa msonkho. Akayamba nkhani yake ndi funso limeneli, ndiye kuti wayamba History yeniyeni.

Mayina ena ndi osavuta kuwapeza, ngakhale pongofunsa aphunzitsi kapena agogo omvera wailesi. A Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton mu Disembala 1981, naweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anatuluka m'ndende mu Januwale 1993 amuna awo atafera momwemo. A Anastasia Msosa anatsogolera bungwe loyendetsa zisankho mu 1994 ndipo mu 2013 anakhala mkulu wa majaji onse. A Joyce Banda analamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo a Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Asankhepo awiri kapena atatu basi. Ine mndandanda wa "mayi woyamba kuchita chakuti" sundisangalatsa kwenikweni ukakhala wokhawokha, chifukwa umaphunzitsa ana kuti amayi analowa m'mbiri tsiku limene analowa mu ofesi ya boma.

Inu a ku Dedza muli ndi mwayi umene ena alibe. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zojambula zoyera za kumeneko n'zokhudza chinamwali cha atsikana, kutanthauza kuti anamkungwi anali ndi sukulu yawo ndi zipangizo zawo zophunzitsira sukulu ya mishoni isanafike. Mwana wanu angathe kunena zimenezi popanda kuulula za kutsimba, ndipo chonde asakakamize agogo kumuuza zomwe mwambo suloleza. Ku Mua, m'boma lanu lomwelo, kuli nyumba ya Chamare ya ku Kungoni, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Aphunzitsi atakonza ulendo wa kalasi yonse, mtengo wa galimoto ungagawanike.

Abwererenso ku mutu wa ufumu wa Maravi umene ali nawo kale m'kope. Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, sankalowa ufumu kudzera kwa bambo ake. Ufumu unkatsata mbumba ya Nyangu, mayi wa banja lachifumu la a Phiri. Ku Msinja kunali Makewana, mayi wa fuko la a Banda woyang'anira kachisi wa mvula, ndipo mafumu ankatumiza nsembe kwa iye chilala chikavuta. Aphunzitsi ambiri amadutsa mayina awiriwa m'chiganizo chimodzi pothamangira nkhani za malonda a minyanga ndi Apwitikizi, pamene mphamvu ya ufumuwo inagona pamenepo. Chimodzimodzinso nkhani ya John Chilembwe ya 1915: ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu kunalinso akazi ake a Ida Chilembwe ndi mmishoni wachikuda wochokera ku America, Emma DeLaney, amene ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka ndi ntchito zina.

Koma chida chimene ndingachiike patsogolo pa zonsezi ndi agogo aakazi a pamudzi panu. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, pofufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anapeza kuti malipoti a boma ankakamba za mvula ndi matumba a chimanga, pamene nyimbo za pamtondo zinkakamba za amuna amene anapita kosuma osabwerera, ndi amayi amene anatsala okha ndi ana. Zimene zinasowa m'mafailo zinasungidwa ndi amayi posinja. Mtsikana wanu angachite zofananazo ndi kope ndi cholembera. Apeze agogo awiri kapena atatu, apemphe chilolezo bwinobwino, awafunse zinthu zogwirika. Njala ya 2002 anadyetsa ana chiyani? Ankavina nawo pamaso pa Kamuzu ngati mbumba, nanga nsalu ankagula ndani, kumunda ankatsala ndani? Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi ankaliona bwanji? Mtsikana akatenga mimba ali pasukulu zinkatha bwanji, boma lisanalole mu 1993 kuti azibwerera m'kalasi akabereka? Pa riferendamu ya 1993 anavotera nyali kapena tambala, ndipo chifukwa chake chinali chiyani?

Mayankho adzasiyana. Wina adzati nthawi ya mbumba inali ya ulemu, wina adzati ankakwezedwa pa lole mokakamizidwa. Asafufute yankho limene silikumukomera. Alembe onse awiri, alembe tsiku limene anacheza nawo, ndipo ngati agogowo sakufuna kutchulidwa dzina, asawatchule. Foni yokhala ndi chojambulira mawu ingathandize ngati muli nayo, koma si yokakamiza.

Kwa aphunzitsi akewo, mukawapatsire uthenga uwu: National Archives ku Zomba, nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre zili ndi zithunzi, nyuzipepala zakale ndi zolemba zoti n'kuphunzitsira. Nthambi za National Library Service nazonso zimabwereketsa mabuku. Chithunzi chimodzi cha amayi ali pamsonkhano wa ndale cha m'ma 1950 chingayambitse mtsutso wokwanira piriyodi yonse.

Tsopano za bambo a kunyumbawo. Sakulakwitsa kotheratu. Ntchito za ku nyumba zosungira zakale ndi zochepa, ndipo sindingalangize mwana wa Fomu 3 kunyozera Masamu, Chingerezi ndi sayansi chifukwa chokonda History. Kuti alowe yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo History ingakhale imodzi mwa imeneyo. Chomwe bambowo sakuchiona ndi luso limene ntchitoyi ikumupatsa. Kufunsa munthu wamkulu mwaulemu, kulemba zomwe wanena osawonjezera, kuyerekeza maumboni awiri otsutsana, kenako kuimirira n'kufotokoza pagulu, ndi zomwe amachita tsiku ndi tsiku loya, mtolankhani, mphunzitsi, ndiponso achinyamata amene mabungwe amawalemba ntchito yofunsa mafunso m'midzi pa kafukufuku. History imaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University, ndipo wofuna uphunzitsi wa kusekondale angayesenso ku koleji ya Domasi kapena ya Nalikule. Zofunika pa kosi iliyonse zimasintha, choncho akadzafika Fomu 4 adzaone zimene bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, lidzalengeze chaka chimenecho.

Pa tsiku lokambalo asadzaze nthawi ndi mayina. Mphindi 10 zimakwana mayi mmodzi wa pa ndalama, mayi mmodzi wa nthawi ya Maravi ndi gogo mmodzi wa m'mudzi mwanu. Ngati gogoyo angathe kuyenda ndipo aphunzitsi avomera, abwere adzayankhule yekha.