Mapilisi a udzu wa m'nyanja yamchere angachize shuga?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndimakhala kwa Kamwendo kuno ku Mchinji. Pagulu lathu la WhatsApp pali mayi wina akugulitsa mapilisi akuti ndi opangidwa kuchokera ku seagrass, udzu wa m'nyanja yamchere, eti ali ndi ma antioxidant ambiri moti amatsuka magazi nkuchiza shuga ndi BP. Amayi anga ali ndi shuga ndiye akufuna asiye mankhwala akuchipatala ayambe amenewa. Kodi nzoona zimenezi? Ndine mwana wawo wamkazi, ndikuda nkhawa.

YANKHO: Achemwali, choyamba penipeni amayi asasiye mankhwala akuchipatala chonde, shuga akakwera mwakachetechete amaononga maso, impso ndi mapazi munthu asakudziwa.

Udzuwo ulipodi. Umamera m'madzi osaya a nyanja yamchere, kugombe la Mozambique ngati ku chilumba cha Inhaca komanso ku Zanzibar, uli ndi mizu ndipo umachita maluwa, si ndere ayi. Padziko lonse ilipo mitundu pafupifupi 70, ina ndi Thalassia hemprichii ndi Enhalus acoroides. Nyanja yathu ya Malawi ilibe udzu umenewu chifukwa madzi ake si amchere.

Za ma antioxidant nazonso si bodza. Mukadula peyala nkulisiya pa mbale limada eti, koma mukafinyirapo ndimu limachedwa kuda. Ntchito ya antioxidant ndi ngati ya ndimuyo, kuchedwetsa kuonongeka kobwera ndi mpweya wa okosijeni. Akatswiri amaumitsa masamba a udzuwu, kuwapera, kuwaviika mu mankhwala amadzimadzi a mtundu wa mowa otchedwa methanol kapena ethanol, ndiye madzi otulukawo amawadonthezera mu mankhwala otchedwa DPPH omwe amakhala apepo, akasanduka achikasu ndiye kuti muli mphamvu ya antioxidant. Ndipo amasandukadi, chifukwa udzuwu uli ndi ma antioxidant otchedwa ma phenol ndi ma flavonoid odzitetezera nawo ku dzuwa ndi tizilombo.

Koma apa mpamene ogulitsa amatidumphitsa. Zochitika m'kabotolo ku labu si zomwe zimachitika m'thupi la amayi anu, m'mimba ndi chiwindi zimasintha zinthu zimenezi zisanafike nkomwe m'magazi. Ndipo antioxidant wa m'mapilisi nthawi zina amavulaza. Kafukufuku wa ku Finland amene anatuluka mu 1994, pa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, anapeza kuti omwe ankamwa mapilisi a antioxidant wotchedwa beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo osamwa. Chinanso, udzu wa m'nyanja umayamwa zitsulo zapoizoni ngati lead ndi cadmium ukamera pamadzi oipa, ndiye botolo losadziwika kochokera limandiopsa ine.

Zimandipweteka kuona munthu akugulitsa thumba la mtedza kuti agule botolo limodzi pomwe ma antioxidant ali pakhomo pake. Bonongwe, chisoso, nkhwani, gwafa, malambe, ngakhale kakhungu kofiira ka mtedza wanu wa ku Mchinji komweko kali ndi ma phenol ambiri. Zipatsozo amayi azidya moyeza poti ali ndi shuga, ndiwo zamasamba azidya mokwanira.

Ngati botolo mwagula kale, musalitaye, pitani nalo tsiku la sikelo ya shuga mukaonetse adokotala, ndipo funsani wogulitsayo ngati mankhwalawo analembetsedwa ku PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno.