Amayi sakundizindikiranso: kodi mzimu wawo unapita kale?

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pompano poti funso lakelo likusowetsa tulo anthu ambiri odwazika makolo. Mwachidule akuti: "Amayi anga ali ndi matenda oiwalaiwala. Sakundizindikiranso, pena amanditcha dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Anali munthu wopemphera, koma pano pemphero amalisiyira panjira. Achimwene anga akuti amayi enieniwo anapita kale, chatsala ndi thupi chabe. Kodi mzimu ungachoke munthu akadali moyo?"

Pepani kwambiri, mayi. Yankho langa ndi lakuti ayi, amayi anu alipo. Achimwene anuwo sindikuwadzudzula, chikuwalankhulitsa ndi chisoni. Koma maganizo awowo sanayambe ndi iwo.

Amene anafalitsa kwambiri zoti mzimu ndi mlendo wongogonera m'thupi ndi Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale. Pofotokoza tsiku lomaliza la mphunzitsi wake Socrates, yemwe anaphedwa pomwetsedwa poizoni mu 399 BC, iye anasonyeza thupi ngati ndende, imfa ngati kumasulidwa. Patatha zaka pafupifupi 2,000, René Descartes wa ku France anawonjezera kuti munthu weniweni ndi chinthu choganiza, thupi ndi makina chabe, ndipo ziwirizi zimakumana pa kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kotchedwa pineal gland. Munthu akazolowera kuganiza chonchi, savutika kunena kuti nzeru zikatha ndiye kuti mwini nyumba wasamuka. Ena anafika pofuna kuuika mzimu pasikelo. Mu 1907 dokotala wa ku America, Duncan MacDougall, analengeza kuti anagoneka odwala 6 otsala pang'ono kutsirizika pabedi lokhala ndi sikelo, ndipo mmodzi anapepuka ndi magalamu 21 atamwalira. Ndi magalamu 21 aja omwe amazungulira pa intaneti kuti ndiko kulemera kwa mzimu. Zotsatira za odwala enawo sizinagwirizane n'komwe, ndipo asayansi sauwerengera kafukufukuyo. Chimandidabwitsa ine n'chakuti opemphera ndi amene amakonda kugawana nkhaniyi, osaona kuti chinthu chokwera pasikelo ndi mnofu basi.

Aristotle, wophunzira wa Plato yemweyo, anakana zimenezi, ndipo ine ndili kumbali yake. Kwa iye mzimu si kamunthu kobisala m'chifuwa kapena m'mutu. Ndi chimene chimachititsa thupi kukhala lamoyo, kukhala munthu uyu osati mulu wa mafupa ndi mnofu. Anati diso likanakhala cholengedwa pachokha, kuona ndiye kukanakhala mzimu wake. Anaonanso kuti kuganiza ndi ntchito imodzi yokha ya mzimu. Kukula, kumva ululu, kulakalaka, zonsezi ndi ntchito zakenso. Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu wa Chikhristu amene anamwalira mu 1274, anatenga ganizoli n'kulemba mosabisa kuti mzimu wake pawokha si iyeyo. Munthu ndi zonse ziwiri pamodzi, n'chifukwa chake Akhristu amayembekezera kuuka kwa thupi osati kungothawa kwa mzimu.

Poti amayi anu ndi opemphera, tsegulani Genesis 2:7. Mulungu anaumba munthu ndi dothi, n'kumuuzira mpweya wa moyo m'mphuno, munthuyo n'kukhala wamoyo. Palibe pamene akunena kuti anaponya munthu wopangidwa kale m'kati mwa dothilo. Mlaliki 12:7 akuika zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: fumbi kubwerera kunthaka, mzimu kubwerera kwa amene anaupereka. Mzimu sutsogola n'kulisiya thupi likupuma kwa zaka zisanu. Nawo Asilamu amawerenga mu Qur'an 17:85 kuti za mzimu zili m'manja mwa Mulungu ndipo anthu tinapatsidwa nzeru zochepa. Mawu amenewa ayenera kumugwira pakamwa aliyense wothamangira kulengeza kuti mwa uje mulibenso munthu.

Nanga chikuchitika n'chiyani? Matenda ofala kwambiri mwa oiwalaiwala ndi amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. Kawirikawiri amayamba kuwononga mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano, pamene zakalekale zimachedwa kufufutika. Ndiye amayi anu akakuyang'anani, amaona nkhope yapafupi, ya munthu wawo, n'kufunafuna dzina m'zimene zatsalazo. Lomwe likupezeka ndi la mng'ono wawo. Dzina alakwitsa, koma pa chikondi sanaphonye. Mu 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Iowa anaonetsa odwala matendawa timafilimu tachisoni ndi tosangalatsa. Patapita kanthawi odwalawo sankakumbukira bwino zomwe anaonera, ena anaiwaliratu, koma chisoni kapena chisangalalo chija chinali chikadalipo. Choncho mukawachezera madzulo, mawa lake angaiwale kuti munabwera, koma mukachoka mumawasiya ndi mtima wokhazikika.

Pali chitonthozo china chimene anthu amakonda, chakuti ubongo uli ngati wailesi yowonongeka koma siteshoni ikuulutsabe bwinobwino kwina. Ndikumvetsa cholinga chake, koma sindichikonda. Chikutibwezera kwa Plato, chifukwa chikunena kuti amayi enieni ali kutali, ndipo awa mukuwasambitsa ndi kuwapesa tsitsiwa ndi bokosi lakufa. Ayi. Dzanja limene limafinya lanu mukaligwira ndi lawo. Mantha amene amawagwira kunja kukamada ndi awo. Khanda la masiku atatu silidziwa dzina la mayi wake, silitha kupemphera, koma palibe amene amati lilibe mzimu. Bwanji tikufuna kuti nkhalamba iyambe yakhoza mayeso kuti tiivomereze?

Za pemphero losiyira panjiralo musade nkhawa. Paulo, pa Aroma 8:26, akuvomereza kuti tonsefe sitidziwa kupemphera monga kuyenera, ndipo Mzimu wa Mulungu ndi amene amatipempherera ndi kubuula kosatheka kuneneka. Amayi akaima, pitirizani inu. Muyesenso kuyambitsa nyimbo imene ankaikonda ali mtsikana, chifukwa nyimbo zakale zimatsalira nthawi yaitali ngakhale mawu wamba atayamba kusowa.

Musamawafunse kuti "ndine ndani?" Funso limeneli limangowachititsa manyazi ndi mantha. Mukalowa, khalani pamene akukuonani, mudzitchule nokha dzina, ndipo akakutchani la mng'ono wawo vomerani. Achimwene anu musalimbane nawo za Aristotle, ingowapemphani abwere adzakhale ndi amayi ola limodzi. Ndipo mukaona kuti kusokonezeka kwakula mwadzidzidzi, m'tsiku limodzi kapena awiri, thamangirani nawo kuchipatala. Mwa okalamba zimenezi nthawi zambiri zimabwera ndi matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena mankhwala ena, ndipo zoterezi madokotala amatha kuthandizapo.